Khasu Limene Linaimba Ngati Siliva

Ee, ine ndaona zinthu, ndaona! Ndinaona mbendera ya atsamunda ikutsika, yathu ikukwera, ndinavina pa Boma mpaka chidendene chinang'ambika. Ndinaona Kafue wa siteshoni ndi msika wa nsomba akumera machumuni. Ndabala, ndalera, adzukulu ali mbwee pakhomo ngati anapiye. Mukandimva ndikuseka pamsika mumati mayi uyu sanapondepo munga. Ndinaponda. Lero ndilemba za munga umodzi, ndipo ndilemba moimba, chifukwa ine ndikasiya kuimba mawu amakanirira pakhosi.

Tinachokera kummawa, ine ndi amuna anga, iwo atapeza ntchito ya njanji. Ufulu unali usanafike. Anatipatsa chipinda chimodzi m'komboni ya antchito, ine ndili ndi pakati poyamba, kamtsikana kosadziwa ngakhale potunga madzi. Amayi anga ponditsazika anandipatsa tiki, kandalama kakang'ono kasiliva ka masiku amenewo. Anali atakaboola ndi msomali. Ati mwana wako woyamba ukam'mange pamkono. Ndinasunga pamfundo ya chitenje, ndinkagona nako, ndinkadzuka nako.

Mwanayo anabwera masana, mvula ili pamalata waa, waa. Anali wamkazi. Sanalire. Mzamba wanga anali ambuya ena a kuno kumtsinje, ogulitsa nsomba zouma, a fodya wa m'mphuno ndi pakamwa pakuthwa. Anamuwaza madzi, anamutembenuza, anamuuzira mpweya. Zii.

Kwathu mwana wotere timati mtayo. Alibe dzina, alibe bokosi, alibe maliro. Amuna sapitako. Mayi wake sapitako, ndipo salira, ati ukalira mimba idzatseka. Azimayi akuluakulu amamukulunga m'kansalu n'kupita naye kutchire, ndipo pobwera sanena kuti taika. Amati tataya.

Ambuya akumukulunga, ndinamasula tiki ija n'kuiponya m'kansalumo. Anandiyang'ana, anamaliza kukulunga. Anatuluka ndi anzawo awiri, khasu paphewa. Ine ndinatsala ndikuwerenga mabowo a malata, maso ali gwa.

Patapita miyezi, tikuchokera kunkhuni, ambuya analoza ndi milomo, osati ndi chala, pomwe anamugoneka. Mtengo wa msekese, pambali pa chulu, kuseri kwa komboni, pomwe kale panali msasa wa omanga msewu. Basi, sanawonjezere. Kuyambira tsiku limenelo nkhuni zanga ndinkatola kumeneko. Ndikafika pamsekese ndinkatula mtolo ngati ndatopa, n'kuimba motsitsa. Ana ena anabwera, amoyo, olira mokuwa mpaka aneba kudandaula, aleluya! Koma pamsekese sindinasiye kutulapo mtolo.

Ufulu unafika, ndipo pambuyo pake panatsata malole a njerwa. Ati Kafue akhala tauni ya mafakitale, ya nsalu, ya feteleza, ndi nyumba za antchito zokhala ndi pompi m'kati. Tinakondwa, musayese kuti sitinakondwe! Ine ndinaluluta mpaka mawu anasasa. Abale ochokera kummawa anadzaza mabasi. Mmodzi anali mng'ono wa amuna anga, mulamu wanga, bambo wamtali woseka ndi mano onse. Analembedwa ntchito kwa oyeza malo, n'kumakhala nafe.

Tsiku lina ndinapita kunkhuni, ndinapeza thambo pomwe panali mitengo. Adula yonse, atentha. Msekese palibe. Chulu achigumula. Zatsala zitsa zakuda ndi tizikhomo topaka utoto wofiira pamzere pamzere. Ndinazungulira, ndinazungulira, ngati mbuzi pachingwe. Sindinadziwe poima.

Madzulo ndinafunsa mulamu, akudya nshima.

"Kuseri kuja mwadula mitengo, kuzankhala chani?"

"Manyumba, bamulamu! Pa Mande katapila alowa. Mwina na imwe bazakupatsani imodzi, muleke kusambira m'beseni."

Lolemba. Apo linali Lachinayi.

Ndinafuna chinthu chimodzi chokha: ndimupeze mwana wanga katapila wosalaza nthaka asanamupeze, ndimuchotse, ndikamugoneke pomwe ndingamatulepo mtolo. Odziwa malo enieni anali ambuya okha, koma anali atasamukira kumisasa ya asodzi, kumadambo, ulendo wa bwato. Ndinathamangira kumsika, ndinatuma uthenga kwa azimayi a nsomba. Anati akauza. Sanati liti.

Ndiye ndinakumbuka zomwe zinkagona pansi pa bedi la mulamu. Kuntchito kwake ankanyamula makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, kuti okumba ngalande asaboole mapaipi akale. Ndodo yaitali, kumunsi chimbale ngati chivundikiro cha poto, kumtunda kabokosi ndi zovala m'makutu. Antchito ankawatcha ang'anga, poti ankaloza zobisika. Loweruka ndi Lamlungu ang'anga ankagona kwathu, chifukwa mosungira katundu wa kampani munali musanaikidwe chitseko.

Ndinamupeza mulamu akupukuta nsapato.

"Mulamu, bang'anga banu bamamva siliva?"

"Bamamva. Mwabisa chani, bamulamu?"

Apa ndi pomwe ndinalakwa, apa. Nkhani ya mtayo suuza mwamuna, nanji mng'ono wa amuna ako wosakwatira. Iye anabwera ku Kafue zonse zitapita, sankadziwa kuti patsogolo pa ana amene ankawanyamula paphewa panali wina. Lilime linakana. Ndinati:

"Kuli chimene ninataya kuseri kuja. Pali tiki ya siliva."

Sindinaname, mwamva? Ndinati ndinataya. Mkazi aliyense wa kwathu akanamva, akanagwira pakamwa. Iye anamva za ndalama. Anaseka mpaka nsapato inagwa.

"Tiki! Bakulu, mwamva? Bakazi banu bali na banki m'chulu!"

Amuna anga anali pakhonde. Iwo anamva bwino lomwe. Anadzuka, anatenga chipewa, ati ali ndi shifiti. Analibe shifiti.

"Ni tiki ya bamayi banga," ndinatero.

"Chabwino. Pa Sondo, kapitawo akapita kutchalitchi. Koma tikaipeza mugula munkoyo timwe."

Lamlungu tinalawirira. Inali nyengo ya dzuwa loswa mitu, phulusa likuuluka. Mulamu anandiveka zija m'makutu, ndinamva kulira kosalekeza, mmmm. Anaponya msomali pansi n'kudutsitsapo chimbale. Mawu anatsika, ng'uuu, ngati nkhunzi. Anatulutsa sheleni yakale m'thumba, anaiponya pansi. Mawu anakwera, tswiii, ngati udzudzu.

"Mwamva? Chitsulo batsika, siliva bakwera. Tizakumba pokwera chabe."

Mtima wanga unavina. Ndinati zatheka, zatheka, dzuwa lisanafike pamutu ndikhala nditamunyamula. Ndinayamba kuimba kumbuyo kwake: imbani ang'anga, imbani, lozani chimene ndinataya! Mulamu, za m'makutu atavala yekha tsopano, akuyenda pang'onopang'ono, chimbale uku, chimbale uku, ngati akusesa bwalo la apongozi.

Tisanapite patali anaima. Tswiii!

Ndinagwada. Iye anakumba ndi fosholo, ine ndinamukankha, ndinamaliza ndi manja. Panatuluka kachitsulo kozungulira ka bowo pakati, kofiira ndi dzimbiri.

Kachiwiri, tswiii! Chivundikiro cha chitini.

Kachitatu, tswiii! Chibenthu cha mgolo.

"Mulamu, mesa munati chitsulo batsika?"

Anavula za m'makutu, anapukuta thukuta.

"Bamulamu, bang'anga aba balibe maso. Batuma mphamvu pansi, bamvera mwamene yabwerera. Msomali woonda sungabanamize. Koma chitsulo chikankhala chophwatalala, olo chozungulira monga ndalama, mphamvu izungulira m'menemo monga mwamene izungulira m'siliva. Ndiye kuli dzimbiri. Chaka na chaka ilowa m'dothi, kachitsulo kavala chijasi, kamveka kakulu, kamveka kolemera. Bang'anga basokonezeka, bakuwa kuti siliva."

"Ndiye ni ng'anga yabodza."

"Zonse, bamulamu. Aba ni babwino, sibapempha nkhuku."

Ndinaseka. Inde ndinaseka.

Omanga msewu aja anasiya zitsulo pamalopo ngati anachita kufesa. Tinakumba, tinakumba, dzuwa linakwera, tinakumba. Tswiii aliyense mtima unkatuluka, chitsulo chilichonse mtima unkabwerera wopsa. Pafupi ndi pansi sindinkalola fosholo, ndinkapalasa ndi zala.

"Mukumba monga muli mazira," anatero mulamu. "Tiki siphwanyika, imwe!"

Ndinakweza nyimbo.

Chilichonse chotuluka ankaponya m'saka. Dzenje lililonse ankakwirira, kupondaponda, n'kuwazapo phulusa, kuti kapitawo asadziwe kuti ang'anga anagwira ganyu Lamlungu. Ankachita mwaukhondo, mulamu wanga, ukacheuka sungadziwe pomwe pakumbidwa. Maenje anaposa zala za manja ndi mapazi.

Dzuwa litapendeka, pafupi ndi chitsa china, ang'anga anakuwa kuposa ponse. Ndinamva ine ndili patali, mawu akutuluka m'makutu mwa mulamu. Tswiiiii! Iyenso kuseka kunatha.

"Apa pali chinthu."

Tinakumba kupitirira chikhato. Fosholo inati khwe. Ndinapalasa, ndinapalasa. Khasu. Lopanda mpini, logona chafufumimba, lodyeka ndi dzimbiri, ngodya imodzi yobenthuka. Dothi lozungulira linali lofiira ngati magazi ouma.

Mulamu analizula, analitukwana, analiponya m'saka. Anadutsitsa chimbale pamwamba pa dzenjelo. Mmmm, basi, osakwera, osatsika.

"Kulibe. Khasu latinamiza."

Anakwirira. Anayamba kuponda, ati thandizani, bamulamu, tifulumire. Ndinathandiza. Ndinaponda ndi mapazi angawa, amene ndinavina nawo pa Boma. Ndinawazapo phulusa ndi manja anga.

Tinakumbanso ena angapo, mpaka mabatire anayamba kufooka. Tinabwerera, iye ang'anga paphewa, ine saka la zitsulo pamutu. Nyimbo inali itatha.

Dzuwa likulowa, ndikupatsa ana madzi osamba, ndinamva fungo la nsomba zouma pakhomo. Ambuya! Uthenga unawapeza Loweruka, anakwera bwato, anakwera lole, afika miyendo itatupa. Ndisanawapatse mpando, maso awo anagwera pasaka. Ana anali atalikhuthula, akusewera ndi zitsulo. Anawerama, anatola chimodzi.

"Iwe mwana wa kummawa. Khasu ili walitenga kuti?"

"Ni zinyalala, ambuya. Makina anatinamiza."

Anayendetsa chala pobenthuka paja, kawiri.

"Apa ninabenthula ine, pamwala wa pachulu, tsiku lija la mvula."

Anathamangitsa ana. Anakhala pansi, khasu pamiyendo.

"Ise ba kuno kumtsinje, khasu lokumbira mtayo silibwerera kunyumba. Tigulula mpini, tiligoneka pamwamba pa mwana, agalu asafukule. Pansi pa khasu ili, mkono usanathe, ni pamene ali."

Kwathu kummawa sindinamvepo zimenezo. Ndipo mayi wa mtayo sauzidwa mmene anamugonekera, sauzidwa, safunsa. Zaka zonse ndinkagula nsomba kwa ambuya amenewa, tinkaseka, tinkanena anthu. Za khasu ayi.

Mulamu anali pachitseko, thaulo paphewa.

"Mwana? Mwana wa ndani?"

"Wa mkulu wako, chipuba iwe!" anatero ambuya. "Unayesa mzimayi wa bana angapse na dzuwa tsiku lonse chifukwa cha tiki? Mutu uyo ni wonyamulira chisote chabe?"

Mulamu anakhala padothi.

"Bamulamu, munati munataya."

"Ninataya."

"Sembe munaniuza. Sembe ninakumba pansi pake. Sembe sininaponde."

Sindinamuuze kuti ndinaponda nane. Ankadziwa.

Lolemba kunja kukungoyera tinanyamuka anthu anayi, chifukwa amuna anga anatuluka ndi fosholo yawo n'kutitsata. Ambuya anawayang'ana, anayang'ana mulamu, anakoka fodya.

"Amuna sapitako," anatero. Anayetsemula. "Koma mitengo nayo siinali kupita. Tiyeni."

Tinafika. Mphepo inali itasalaza phulusa, ponse mofanana. Maenje athu tinabisa tokha, tinabisa bwino. Ambuya anafuna msekese, palibe. Anafuna chulu, palibe. Anatembenukira kuphiri, anatembenukira kunjanji, anawerenga mapazi kuchokera pomwe ankayesa kuti panali njira, anabwerera, anayambanso. Pomaliza anati, "Banichotsera maso."

Mulamu anavala za m'makutu, mabatire atsopano. Anasesa, anasesa. Mmmm. Zonse zoimba tinali titazula dzulo lake. Ndinamugwira malaya.

"Nanga tiki? Ni siliva yeniyeni. Bwanji sibakwera?"

"Ni kang'ono, bamulamu, kali pansi maningi. Bang'anga bamva kandalama kotero ngati kali pafupi. Khasu ndiye bangamve olo patali. Sembe tinalisiya, sembe likali kuimba."

Tonse tinkakumbuka kuti panali chitsa. Zitsa zinali zitatu, zakuda mofanana, zazikulu mofanana, ndipo pafupi ndi chilichonse tinali titakumbapo. Mulamu analumbira kuti ndi cha kumanzere. Ine ndinati cha pakati, kenako ndinakayika. Amuna anga sanafunse, anayamba cha kumanja.

Tinakumba maenje onse atatu. Monsemo dothi linali ndi kufiira kwa dzimbiri, poti monsemo tinazulamo chitsulo. Tinapitirira chigongono, tinafika paphewa. Ndinafunsa ambuya kuti tiona chiyani tikamupeza. Sanandibisire.

"Mafupa a mwana wotere ali monga a tinsomba ta kapenta. Dothi linadya kale. Nsalu inadyeka. Funa tiki."

Ndinali nditabwera ndi lichero. Ndinapeta dothi ngati mpunga, ndinafikisa buma lililonse m'zala. Timiyala. Mizu yopsa. Kachidutswa ka botolo kananyezimira, ndinakuwa, sikanali iko.

Kenako katapila anatsokomola kumsewu.

Kapitawo anabwera akukalipa kuchokera patali, ndani wakumba, ndani watenga makina. Atafika anaona ambuya ali m'dzenje mpaka m'chiuno, anaona amuna anga, anaona lichero. Mulamu anamutengera pambali, analankhula motsitsa. Kapitawo anali munthu wa kumpoto, sindidziwa kuti kwawo amati chiyani. Anavula chipewa. Anati katapila ayambira mbali inayo, mpaka belu la tiyi. Kupitirira apo sangathe.

Tinakumba, katapila akubwera. Nthaka inkanjenjemera m'maondo. Mulamu analowetsa chimbale m'dzenje lililonse mpaka pansi, anatseka maso, anamvetsera ngati akumvera mtima wa wodwala. Kamodzi anati dikirani. Tinasiya kupuma. Anapukusa mutu.

Belu linalira.

Ndinavula chitambala kumutu, ndinachiyala. Ndinatapa dothi la pansi pa dzenje loyamba, dzanja limodzi. La lachiwiri, dzanja limodzi. La lachitatu. Ndinamanga mfundo. Ndinati mwa atatuwa mmodzi ndi iye, ndipo awiriwo amuperekeze.

Ndikumanga mfundo yachiwiri kulira kunabwera, kuja anandiletsa tsiku la mvula. Ndinayang'ana ambuya. Anati, "Lira, mwana iwe. Mimba yako inagwira kale ntchito." Ndinalira moimba, monga tilirira maliro a munthu wamkulu kwathu, ndinalira mpaka woyendetsa katapila anatsitsa mawu a injini. Amuna anga anaima potero, fosholo m'manja, misozi ikugwera pamalaya a njanji. Sitinakambepo za tsiku limenelo, ine ndi iwo, mpaka anamwalira.

Masana pamalopo panali tetete, ngati bwalo la mpira.

Nyumba zinamangidwa, zokongola, za pompi m'kati. Ife sitinapatsidwe, ndipo ndinathokoza. Tinadzapeza malo ku Nangongwe. Dothi lija ndinalisunga m'chitini zaka zonsezo, ndipo titalowa ndinalikwirira kuseri kwa nyumba ndi chitambala chomwe, n'kudzalapo msekese. Aneba ankaseka, ati anthu adzala mango, iwe udzala mtengo wa kutchire. Wakula tsopano. Adzukulu amakwera, amathyola nthambi, ndimawakalipira, ndimaseka, ndimakhala pamthunzi n'kuimba. Sindidziwa ngati ali pamenepo. Ndimamuimbira basi.

Mulamu anakwatira, anakalamba, kuseka ndi mano onse kunabwerera, koma sanandisekenso pa nkhani ya ndalama. Mkazi wake atapita padera, anabwera kwa ine yekha, bambo wamkulu, n'kundifunsa kuti mwanayo apite naye kuti, aike chizindikiro chanji. Ndinamuuza zonse, ndi mawu ake enieni.

Ndikamapita kusiteshoni ndimadzera dala m'misewu ya nyumba zija. Sindidziwa kuti ndi iti. Pansi pa simenti ya munthu wina pali tiki yoboola, pomwe amaika mbaula kapena pomwe amagoneka ana awo. Ndimapereka moni pageti lililonse, mwauka shani, mwauka bwanji. Amati ambuya aja osangalala adutsa.

Mwamuna wa mdzukulu wanga anandiuza kuti makina a masiku ano ali ndi galasi lolemba manambala, koma chitsulo chadzimbiri chimawanamizabe. Ndinaombera m'manja. Ndinati zisiyeni ziimbe, ndipo wokumbayo asafulumire kutukwana.

Khasu lili pansi pa bedi langa, lokulunga m'chitenje. Dzimbiri likulidyabe, limasiya unga wofiira pansalu. Ana anga aakazi ndawauza, ndipo apa ndalemba kuti amuna awerengenso, asadzati sanamve. Ndinali ndi mwana wamkazi woyamba. Ndinamuika, sindinamutaye. Tsiku langa likadzafika, musanamalize kukwirira, mudzagoneke khasu limeneli pamwamba panga, chafufumimba.